Wapeka nyimboyi ndani?

Pa maliro ambiri kuno kwathu, makamaka a m'tauni, imafika nthawi yoti mayi mmodzi wa liwu lokoma ayambitse "One Day at a Time", ndipo khamu lonse limavomera, ngakhale agogo amene Chingerezi chawo n'chongotola. M'minibasi, pa wailesi Lamlungu m'mawa, pambali pa bedi la wodwala, nyimboyi siisowa. Koma tafunsani akuyimbawo kuti anaipeka ndani. Ena akuuzani kuti ndi ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi, ena atchula mayi amene ankamumva pa kaseti kalekale. Nyimboyi inapekedwa ku Nashville, m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo eni ake ndi awiri, Marijohn Wilkin ndi Kris Kristofferson. Kristofferson anamwalira pa 28 Seputembala 2024 ku Maui, ku Hawaii, ali ndi zaka 88. Imfa yake sinatikhudze monga inachitira ya Don Williams mu 2017 kapena ya Kenny Rogers mu 2020, chifukwa liwu lake ambirife sitilidziwa. Nyimbo zake tinazimvera m'kamwa mwa anthu ena.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ife okonda nyimbo ulemu wonse timaupereka kwa woyimba, wopeka osamufunsa n'komwe dzina. Chizolowezi chimenechi chikutilanda zambiri. Chimatilepheretsa kumva bwino nyimbo zomwe timazikondazo, komanso chikupha ntchito imene dziko lililonse la nyimbo zabwino limaifuna, ntchito ya munthu wongokhala pansi n'kupeka, ena n'kumayimba.

Zoti Amalawi timakonda country palibe angatsutse. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu, koma mpaka lero akumvekabe m'mabotolositolo ndi kometera tsitsi. Don Williams atabwera kudzayimba ku Harare mu 1997, anthu a chigawo chino anamulandira ndi manja awiri. Pali ophunzira ena amene amaseka chikondi chimenechi, amati ndi zotsalira za utsamunda, munthu wa ku Ntcheu akufunanji kwa azungu a zipewa zikuluzikulu. Sindigwirizana nawo. Banjo, imene inathandiza kubala chamba chimenechi, inachokera kwa akapolo otengedwa ku Africa, ndipo Hank Williams, amene ambiri amamutenga kukhala tate wa opeka nyimbo za country, gitala anaphunzira kwa munthu wakuda woyimba m'misewu, Rufus Payne. Koma chifukwa chachikulu n'chapafupi kuposa mbiri. Nyimbo zimenezi zimayenda pang'onopang'ono, mawu amamveka, ndipo zimakamba za mayi, za munda, za ngongole, za banja lotha, za mowa ndi za Mulungu. Malemu Allan Namoko ndi banjo yake ku Thyolo ankayimbanso moyo wa anthu wamba womwewu. Munthu amene anakulira pa nthano sangavutike kukonda nyimbo yofotokoza nkhani.

Ndiye ngati chomwe timakonda ndi nkhaniyo, bwanji sitifunsa amene anailuka? Tengani Don Williams yemweyo. "You're My Best Friend" ndi "Some Broken Hearts Never Mend", zimene abambo athu anaziloweza pamtima, anapeka ndi Wayland Holyfield. "Amanda" anapeka ndi Bob McDill. "The Gambler" ya Kenny Rogers anapeka ndi Don Schlitz ali mnyamata wa zaka 23, akugwira ntchito ya usiku pa makompyuta. Kunena izi sikuchepetsa oyimbawo. Liwu la Don Williams linali mphatso, ndipo kusankha nyimbo yoyenera pakhosi pako ndi luso palokha. Koma kumbuyo kwa liwulo kunali munthu ndi pensulo, ndipo ku Nashville anthu otere amadziwika, amalembedwa ntchito ndi makampani osindikiza nyimbo, amalandira mphoto zawozawo.

Pa onsewa Kristofferson ndiye amaonetsa bwino chimene ndikunena, chifukwa pakhosi pake panalibe zambiri. Liwu lake linali losasa, iye mwini ankanena kuti amamveka ngati chule. Anabadwa mu 1936 ku Brownsville, ku Texas, mwana wa mkulu wa asilikali a m'ndege. Kusukulu anali katswiri, moti anapambana thandizo la Rhodes n'kukaphunzira zolembalemba za Chingerezi ku Oxford. Atabwerako analowa usilikali, n'kukhala woyendetsa helikopita, n'kufika pa udindo wa kaputeni. Mu 1965 anamupatsa mwayi wokaphunzitsa pa sukulu ya asilikali ya West Point, ntchito yoti kholo lililonse likanailulutira. Iye anaikana n'kupita ku Nashville kukapeka nyimbo, ndipo makolo ake anamufulatira. Ntchito imene anapeza inali yosesa mu situdiyo ya Columbia, momwe mu 1966 Bob Dylan ankajambula chimbale cha Blonde on Blonde, wosesayo akungoonera patali. Kenaka ankayendetsa helikopita yonyamula antchito kupita nawo ku nsanja zokumba mafuta pakati pa nyanja, ku Gulf of Mexico. Sabata imodzi amakhala kumeneko, sabata inayo ku Nashville kukatsatsa nyimbo. Woyamba kumusindikizira nyimbo anali Marijohn Wilkin yemwe uja.

Zaka za njalazo zinatha mwadzidzidzi. Ray Price anatenga "For the Good Times", Johnny Cash anatenga "Sunday Mornin' Comin' Down", Sammi Smith "Help Me Make It Through the Night", Janis Joplin "Me and Bobby McGee". Zonse zinayi zinafika pa nambala wani pakati pa 1970 ndi 1971, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inatchuka ndi liwu la mwini wake. Mphoto ya nyimbo yabwino ya chaka cha 1970, mabungwe awiri akuluakulu a country onse anaipereka kwa iye, lina chifukwa cha ya Cash, lina chifukwa cha ya Price.

Tikhale kaye pa "Sunday Mornin' Comin' Down", chifukwa luso lonse la kupeka lili mmenemo. Munthu wadzuka Lamlungu mutu ukuwawa ndi matsire. Wamwa mowa m'malo mwa kadzutsa, wafufuza m'zovala zake zosachapa n'kusankha malaya amene akuoneka oyerako, watuluka panja. Mumsewu waona kamwana kakumenya chitini. Wamva fungo la nkhuku imene wina akukazinga, ndipo fungolo lamukumbutsa chinachake chimene anataya kalekale, osadziwa pomwe anachitayira. Wadutsa bambo akukankha mwana wake wamkazi pa katungwe, waima panja pa Sande sukulu kumvera nyimbo, kenaka belu likulira chapatali. Basi. Palibe wafa, palibe wathawidwa ndi mkazi ife tikuona, ndipo wopekayo sakutilalikira za kuipa kwa mowa. Wangotionetsa malaya, chitini ndi fungo la nkhuku, ife tokha n'kuzindikira kuti munthuyu alibe kopita. Aliyense amene anakhalapo yekha m'chipinda cha lendi ku Ndirande kapena ku Johannesburg, Lamlungu masana anthu akuchokera kutchalitchi mabanjamabanja, fungo la ndiwo za oyandikana nawo likulowa pawindo, safuna womasulira.

Cash anaiyimba pa pulogalamu yake ya pa wailesi yakanema, imene inkajambulidwa mu holo ya Ryman Auditorium ku Nashville. Akuluakulu a kanemayo anafuna kuti asinthe mzere umodzi, pomwe munthuyo amalakalaka akanakhala ataledzera ndi mankhwala osokoneza bongo. Cash anauyimba mmene unalembedwera, wopekayo atakhala pakati pa anthu oonerera. Panthawiyo Cash anali wotchuka kale, Kristofferson anali asanafike patali, koma wamkuluyo anadziwa kuti mzerewo si wake woti aufufute. Ulemu umene ndikupempha ndi umenewu.

"Help Me Make It Through the Night" anthu ena opemphera imawavuta, ndipo ndimawamvetsa. Ndi nyimbo ya munthu amene akupempha mnzake kuti agone naye usiku umodzi osalonjezana za mawa, ndipo mu 1970 kumva mkazi akuyimba zoterezi ku Nashville kunali kwachilendo. Koma tamvetserani bwino. Mulibe kudzitama mmenemo, muli mantha a munthu amene akuopa kukhala yekha mpaka kuche. N'chifukwa chake inatha kuchoka pa gitala wa country kupita kwa Gladys Knight and the Pips mu 1972, kwa Elvis Presley, mpaka kwa John Holt wa ku Jamaica amene anaiika pa reggae, ndipo siinathyoke. "For the Good Times" nayo Al Green anaitenga mu 1972 n'kuisandutsa soul yeniyeni. Kwa ine mayeso a nyimbo ndi amenewa. Nyimbo yokoma ndi liwu limodzi lokha, kukoma kwake kuli pa liwulo. Koma imene mungaichotse zida zonse, n'kuipatsa mkazi, mwamuna, wakuda, mzungu, kapena kwaya ya pa maliro, n'kutsalabe ndi mphamvu, imeneyo ndiye inapekedwa.

"Me and Bobby McGee" anayamba kuijambula ndi Roger Miller mu 1969, ndipo mmenemo Bobby anali mkazi. Janis Joplin anamusandutsa mwamuna, anasintha mawu angapo, anaiyamba motsitsa n'kuimaliza akukuwa ndi mtima wonse. Anaijambula kutatsala masiku ochepa kuti amwalire pa 4 Okutobala 1970, ali ndi zaka 27, ndipo Kristofferson anaimva woyimbayo atapita kale. Lero ambiri amati ndi nyimbo ya Janis, ndipo sakulakwa kwenikweni. Wobereka mwana amakhala wina, wolera wina, ndipo kuno timadziwa kuti wolera nayenso ndi kholo. Chimene sitichita ndi kufufuta dzina la wobereka. Pa chimbale cha Janis dzina la Kristofferson lilipo, limodzi ndi la Fred Foster, mwini kampani ya Monument, amene anangopereka mutu wa nyimboyo koma anagawiridwa umwini.

Ena amati nyimbo imakoma kwambiri akayimba mwini wake, poti ndiye anamva kuwawako. Nthawi zina zimaterodi. "Why Me" ya mu 1973, imene anaipeka atakhudzidwa pa mapemphero ena amene anapitako ndi woyimba Connie Smith, ine sindinamve amene amaiyimba bwino kuposa iye, chifukwa liwu losasalo likugwirizana ndi munthu wosweka amene akufunsa Mulungu kuti wachita chiyani kuti alandire zabwino. Koma "For the Good Times" ndimasankha ya Ray Price kapena ya Al Green, ndipo sindiona kuti pamenepo ndamulakwira.

Kudziwa wopeka kumasintha ndi kamvedwe komwe. Mukadziwa kuti dzanja limene linalemba "Help Me Make It Through the Night" ndi lomwe linalemba "Why Me" n'kuthandizanso pa "One Day at a Time", mumayamba kuona ulusi umene simukanauona. Nyimbo ya m'bala ndi nyimbo ya pa maliro zikupempha chinthu chimodzi. Ina ikuti ndithandize ndifike m'mawa, inayo ikuti ndithandizeni ndimalize tsiku la lero, za mawa sindingazithe. Gawo lalikulu la "One Day at a Time" ndi la Wilkin, amene anailemba ali m'mavuto aakulu pa moyo wake, n'kuitana Kristofferson, mnyamata amene mayiyu anamuthandiza kale uja, kuti amalizire limodzi. Lena Martell anafika nayo pa nambala wani ku Britain mu 1979, Cristy Lane pa mndandanda wa nyimbo za country ku America mu 1980. Amene amadana ndi nyimbo yoyambayo n'kumakonda yachiwiriyi akukonda ndi kudana ndi kulira kwa mtundu umodzi, kungosiyana amene akuliriridwa.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakwathu konkuno. Wina angati zofunsa mwini nyimbo ndi zachizungu. Nyimbo za pamtondo, za chinamwali, za gule, zotonthozera mwana, anazipeka ndani? Ndi za tonse, ndipo zakhalitsa chifukwa palibe anazitsekera m'nyumba. Izi n'zoona, ndipo ndi chuma chimene sindingafune kuti chitayike. Nyimbo za folk za ku America nazo zinayamba choncho, zikuyenda pakamwa m'mapiri a Appalachia, aliyense akuwonjezera vesi lake. Koma tsiku limene makina ojambulira analowa, nyimbo n'kuyamba kugulitsidwa, mawu oti "ilibe mwini" anatsegulira njira ochenjera. A. P. Carter wa gulu la Carter Family, limene linayamba kujambula ku Bristol mu 1927, ankayenda m'midzi kutolera nyimbo, nthawi zambiri ali ndi woyimba gitala wakuda, Lesley Riddle, amene ankaloweza mayimbidwe ake. Pa chimbale pankalembedwa dzina la Carter.

Chitsanzo chowawa kwambiri chili pafupi nafe. Mu 1939 ku Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula "Mbube" ku kampani ya Gallo, komwe Linda ankagwiranso ntchito yolongedza zimbale. Nyimboyo inafika kwa Pete Seeger, mmodzi wa akuluakulu a nyimbo za folk ku America, amene ndi gulu la Weavers anaitulutsa ndi dzina loti "Wimoweh", akuiyesa nyimbo ya makolo. Mu 1961 gulu la Tokens linaisandutsa "The Lion Sleeps Tonight", ndipo mu 1994 inalowa mu filimu ya The Lion King. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka. Ana ake anadikira mpaka 2006, nkhani itafika ku khoti, kuti pakhale mgwirizano wa malipiro. Seeger anavomereza pambuyo pake kuti mwini nyimbo ndi Linda, koma ndalama zambiri zinali zitalowera kwina. Amuna awiriwa, Linda ndi Kristofferson, onse anagwirapo ntchito yonyozeka pa kampani ya zimbale, onse anapeka nyimbo zimene dziko lonse linayimba. Wina dzina lake linakhala pa chimbale chilichonse n'kumudyetsa mpaka ukalamba, winayo linatayika panjira. Tsankho la ku South Africa ya nthawi imeneyo linali mbali yaikulu ya kusiyanaku, sindikana. Koma chimene chinapangitsa kuti zikhale zophweka n'chakuti mamiliyoni a anthu ankayimba nawo osafunsa.

Dolly Parton anazidziwa zimenezi msanga. Elvis atafuna kuyimba "I Will Always Love You", imene anapeka ndi Dolly yemweyo, woyendetsa malonda ake, Colonel Tom Parker, anati apatsidwe theka la umwini wa nyimboyo. Dolly anakana ngakhale zinamupweteka mtima. Mu 1992 Whitney Houston anaiyimba, dziko lonse n'kugwedezeka, ndipo phindu la wopeka linapita kwa mwini wake. Achinyamata ambiri mpaka pano sadziwa kuti nyimbo imeneyi inabadwira mu country.

Kuno kwathu vuto lili pawiri. Magulu oyimba m'mahotela ndi pa maukwati amamenya makopirayiti usiku wonse, makwaya amajambula nyimbo za anzawo n'kuika pa YouTube, mwini wake osatchulidwa. Pomwepo woyimba wachinyamata amaona ngati kujambula nyimbo yopeka wina ndi manyazi, umboni woti alibe luso, ndiye aliyense amadzilembera yekha, ngakhale amene mphatso yake ili pakhosi pokha. Zotsatira zake timazimva tsiku ndi tsiku. Mtsikana wa liwu loti munthu ukamva tsitsi limaima, koma akubwereza mzere umodzi wopanda kanthu kwa mphindi zitatu. Kwinaku kuli mphunzitsi wa kumudzi, mlembi wa mpingo, mayi wa pamsika, amene amatha kuluka mawu koma sangaime pa siteji, ndipo alibe khomo loti agogode. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Kristofferson akanabadwira kuno tikanamuweruza ndi liwu lake n'kumubweza, nyimbo zonse zija n'kufera m'kope.

Zimene Patience Namadingo anachita ndi a Giddes Chalamanda mu 2020 zinaonetsa kuti njira ina ilipo. Sanatenge "Linny Hoo" mobisa. Anakhala nawo limodzi agogowo, anayimba nawo, dzina lawo lili poyera, ndipo nyimbo ya bambo obadwa mu 1930 ku Chiradzulu inafika kwa achinyamata a m'maiko amene Chichewa sachimva n'komwe. Woyimba anapindula, nyimbo inapeza moyo watsopano, eni ake anawomberedwa m'manja akadali ndi moyo. Allan Namoko anamwalira mu 1995 asanalawe zoterozo.

Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo, koma bungwe silingalipire munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Pa zimbale zakuda zakale zija, pansi pa mutu wa nyimbo pankakhala dzina laling'ono la wopeka, ndipo pa kapepala ka m'kaseti linkapezekanso. Pa fulashi ndi pa memori khadi zimene timakalowetsa nyimbo kumsika dzinalo kulibe, nthawi zina ngakhale la woyimba limakhala lolakwika. Amene atsala kuti alitchule ndi owulutsa mawu pa wailesi, otsogolera makwaya, ndi oyimba eni ake akakhala pa siteji. Woyendetsa pulogalamu ya country akamaliza kuika Sammi Smith, anene kuti anapeka ndi Kris Kristofferson, akaika Don Williams atchule Bob McDill kapena Wayland Holyfield. Ndipo woyimba wathu amene liwu ali nalo koma mawu amamuvuta, apite kwa amene amatha kulemba, agwirizane za malipiro poyera, dzina la wolembayo akalilembetse ku COSOMA pamodzi ndi lake.